Kabati Yokana Kutuluka Pakhomo

"Ndati asakhudze kanthu m'nyumba muno, ngakhale supuni yopindika!" anakalipa Amayi ataima pakati pa makatoni, manja ali m'chiuno.

"Amayi, munthu wabwera kudzathandiza," anatero Achimwene, mawu ali pansi ngati opempha moto. "Mutu umodzi susenza denga."

"Kuthandiza? Anandithandiza kale ameneyo. Mphete yanga ya ukwati ili kuti? Wotchi ya malemu bambo ako ili kuti? Nanga sizasi yanga yakuthwa ija? Anandithandiza kusunga, eti?"

Wonenedwayo anali Alamu, akazi awo a Achimwene, amene ambiri amangowatchula kuti Amake Mapasa. Anali ataima pakhomo ndi mtolo wa zingwe zomangira katundu. Ine ndine chitsiriza m'banja mwathu, ndipo pakamwa panga pamadziwika ndi anthu, koma ndinayamba ndaluma lilime kuti ndione kumene nkhani ikulowera.

Nyumba yathu inali italembedwa mtanda wofiira pakhoma. Msewu ankaukuza, ndipo nyumba zonse za mumzere wathu zinali zoti zigumulidwa mwezi ukatha. Amayi, amene mawondo anali atayamba kale kuwakanira, anayenera kukakhala ndi mmodzi wa ife. Kwanga kunalibe malo, chifukwa ndimagona chipinda chimodzi ndi makina anga osokera. Kunatsala kwa Achimwene, ndipo kwa Achimwene ndi kwa Alamu. Amayi anakonzekera ulendowo ngati opita kunkhondo. Anagula maloko a masutikesi onse, ndi loko wina wamkulu woti akakhome pachitseko cha chipinda chawo chatsopano. Makiyi anawamanga pachingwe n'kuwavala m'khosi.

"Amayi," ndinalephera kupirira, "zinthu zimenezo munawaona ndi maso anu akutenga?"

"Iwe khala chete. Kodi khoswe umachita kumuona kuti udziwe kuti walowa? Asanabwere iyeyu, mphete ndinkangoivula n'kuisiya pazenera ndikamachapa, wotchi inkakhala pamsomali, ndipo palibe chinasowapo. Tsiku limene mchimwene wakoyu anandibweretsera mwana wa mayi wochapa zovala za anthu, ndinadziwiratu. Ndinatenga zanga zonse n'kubisa m'dirowa ya pamwamba ya kabati, pamwamba pa nsalu zanga. Mwezi usanathe, mphete yapita! Kuyambira pamenepo, ndikangomva kuti akubwera, ndimabisa. Akachoka ndikatsegula, china chapita. Ndiye undiuze kuti ndi mphepo?"

Alamu anaika zingwe zija pansi mwaulemu.

"Ndamva, Amayi. Sindikhudza. Ndizibwera tsiku lililonse chifukwa pano ndi pakhomo pa amuna anga, koma ndizikhala pansi pa mtengo apo, manja ali pamiyendo, kuti aliyense aziwaona." Kenako anatembenukira kwa Achimwene. "Koma inu bambo a mapasa, mundimve bwino. Chipinda cha Amayi ndakonza, ndapaka laimu, ndasoka ndi katani. Abwere, ndi kwawo. Koma tsiku limene loko wamkuluyo adzalendewere pachitseko cha m'nyumba mwanga, ana anga akuona, ine ndidzatulukira khomo linalo. Dzina la wakuba ndalisenza mumsewu kuyambira mapasa asanabadwe, pano ali kusekondale. M'nyumba mwanga sindilisenza."

"Tizikambirana bwinobwino," anatero Achimwene, akukanda pamutu pomwe panalibe tsitsi.

Achimwene anga ndi munthu wabwino, koma ubwino wawo ndi wonga wa madzi ofunda, oti sungaphikire tiyi komanso sungamwe. Zaka zonsezi ankafuna kukondweretsa mayi ndi mkazi nthawi imodzi, osadziwa kuti mapanga awiri avumbwitsa. Tsiku limenelo anaona kuti mvula yawapeza pakati.

Tinayamba kulongedza. Nyumba imene anthu akhalamo moyo wonse ili ngati mimba ya ng'ona, simudziwa chimene mupezemo. Pamwamba pa khoma, pansi pa malata, tinapeza galimoto yamawaya ya Achimwene imene anailirira sabata yathunthu ali mwana. Anaipukuta fumbi, bambo wamkulu wadazi, n'kuyamba kuiyendetsa pabalaza akuliza injini ndi pakamwa. Kuseri kwa thumba la misomali tinapeza kabotolo kobisika, kotsala pang'ono, ka malemu Bambo amene ankatiuza kuti mowa sanaulawepo chibadwire.

"Anali mankhwala a chifuwa amenewo," anatero Amayi mwachangu.

"Chifuwa chake chinali chamwayi," ndinatero ine nditanunkhiza.

Koma chimene chinatigwetsa pansi ndi sutikesi yachitsulo imene inali pansi pa bedi. Pansi penipeni, zitakulungidwa m'nyuzipepala, munali nsapato zofiira za zidendene zazitali, ndi chithunzi. Pachithunzipo panali mtsikana atakwera njinga yamoto, diresi ili pamwamba pa mawondo, atagwira Bambo m'chiuno, akuseka mano onse ali pamtunda.

"Amayi! Ndi inu awa? Inu amene munandithamangitsa ndi chikuni chifukwa cha thalauza?"

"Bweretsa kuno, mwana wopanda mwambo iwe!"

"Miyendotu inalipo, Amayi. Bambo sanalakwitse."

Analimbana nane pang'ono, kenako anakhala pabedi chithunzi chili m'manja, nkhope itafewa.

"Bambo anu ankavina ngati alibe mafupa," anatero. "Nsapato izi anandigulira atagulitsa tebulo lawo loyamba. Tinavina mpaka chidendene china chinathyoka, iwo n'kuchikhoma ndi msomali pomwepo, gule ali m'kati."

Anaimirira, n'kuponya mapazi awiri atatu akung'ung'udza kanyimbo, mawondo akulira ngati chitseko chakale. Tinaseka mpaka misozi. Nditasuzumira pazenera ndinaona Alamu pansi pa mtengo paja, akumwetulira okha chifukwa cha phokoso lathu. Ndinawatengera chithunzicho.

"Alamu, tagwirani muone apongozi anu ali moto."

Anasendeza mutu, manja osawachotsa pamiyendo. Anaseka mpaka mapewa kugwedezeka.

"Koma ndiye analitu chiphadzuwa! Ayi, alamu, ndionetseni muli chigwirire. Chingasowe."

Mawu amenewo anandilasa mumtima. Ndinabwerera m'nyumba kuseka kutandithera.

Sabata yachiwiri tinalowa kukhitchini, ndipo kumeneko ndi kumene ndinapezera mpata wobwezera. M'kabati ya mbale munatuluka mbale za kutchalitchi zolembedwa ndi penti kunsi kwake. Munatuluka poto wa Azakhali, ayironi ya makala ya aphunzitsi amene anasamuka kalekale, ndi ambulera yamaluwa imene aliyense mumzere wathu ankaidziwa mwini wake.

"Amayi, izi n'zathu?"

"N'zobwereka."

"Munabwereka liti?"

"Kubwereka si kuba, iwe."

"Poto uyu munabwereka ine ndisanamere mano. Akanakhala mwana, bwenzi pano ali ndi ana ake."

Pomwepo anatulukira mayi a nyumba yoyandikana nayo, amene tonse timawatchula kuti a Wailesi, chifukwa nkhani ikalowa m'khutu mwawo m'mawa, pofika masana imakhala itafika kumsika. Ndi iwowa amene anafalitsa mbiri ya mphete, mpaka amayi a m'dera lathu anazolowera kukokera zikwama zawo pafupi Alamu akakhala nawo pabenchi.

"Ambulera yanga!" anakuwa a Wailesi. "Inali kuno nthawi yonseyi? Inetu ndinkati anatenga ndi..." Maso awo anathamangira kumtengo kuja, pakamwa n'kutsekeka pokha.

"Malizani, mayi," ndinatero. "Batire yatha?"

Sanamalize. Anatenga ambulera yawo n'kuifungatira ngati mwana wotayika. Amayi anangoti kukalamba n'kuiwala, ndipo nkhani inathera pomwepo. Ndinaona kuti wolemera akasunga chamwini amati waiwala, koma wosauka akangodutsa pafupi amati waba.

Masiku ochepa lole isanabwere, zinthu zinafika poipa. M'mawa Amayi ataona Alamu akulowa pampanda, anathamangira kuchipinda monga mwa chizolowezi chawo. Ndinawaona ndi maso anga akuvula magalasi awo owerengera, n'kuwaika m'dirowa ya pamwamba ija, imene inali yodzaza nsalu mpaka kusefukira. Anakanikiza ndi zikhato zonse, kenako n'kuikankha ndi chiuno mpaka inatsekeka. Masana anafuna kuwerenga Baibulo. Anakoka dirowa mwamphamvu, anafufuza, anatulutsa nsalu imodziimodzi. Magalasi panalibe.

"Mwaona! Mwaonatu!" anatuluka akukuwa mpaka pakhonde. "Lero munena chiyani?"

"Amayi, munthuyu sanasunthe pamtengo paja chibwerereni," anatero Achimwene.

"Anthu enatu amaba ndi maso okha," ananong'ona a Wailesi ali pampanda, koma kunong'ona kwawo kumamveka kutsidya kwa msewu.

Alamu anaimirira pang'onopang'ono. Sanayang'ane Amayi, sanayang'ane a Wailesi. Anayang'ana amuna awo.

"Mwamva? Dzulo ndinali wakuba, lero ndasanduka mfiti. Inu muli pomwepo. Nenani kanthu."

"Amake mapasa, Amayi ndi achikulire, tiyeni tingowamvetsa..."

"Ndawamvetsa zaka zonsezi. Amene sindikuwamvetsa ndi inu. Mumagona nane nyumba imodzi, mumadziwa chilichonse chili m'sutikesi mwanga. Simunanenepo tsiku ndi limodzi pamaso pa anthu kuti mkazi wanga si wakuba. Mumangonena kuchipinda, magetsi atazima. Loweruka lole ikubwera. Ine zovala zanga ndalongedza kale."

Anatuluka pampanda osacheuka. Achimwene anakhala pakatoni ya mbale mpaka inaphwanyika, ndipo palibe anaseka.

"Achimwene," ndinawauza, "wakutsina khutu ndi mnansi. Loweruka mudzasamutsa mayi n'kutaya mkazi."

Loweruka linafika, lole inaima pamsewu, ndipo ndinadabwa kuona Alamu atabweranso. Anakhala pamalo pawo, chikwama cha zovala chili pambali. Anyamata a lole pamodzi ndi amuna a mumzere wathu anatulutsa mabedi, mipando ndi masutikesi a maloko aja. Pomaliza panatsala kabati.

Kabati imeneyi ndiyenera kuifotokoza. Bambo anali kalipentala, ndipo anaikhomera m'chipinda momwemo chaka chimene anakwatira Amayi. Inali yaitali kufika kudenga, yotakata ngati khoma, ya zitseko ziwiri ndi madirowa atatu. Madirowawo sankatuluka onse, chifukwa Achimwene ali mwana anakoka imodzi n'kudzigwetsera paphazi, ndipo Bambo anakhoma timatabwa m'kati kuti azingofika pakati. Chimene Bambo sanaganize n'chakuti tsiku lina kabatiyo idzafunika kutuluka. Anaitembenuza uku, anaipendeketsa uku, koma khomo linali laling'ono.

"Tiiphwasule, tikaikhomenso uko," anatero Achimwene, thukuta lili kamukamu.

"Msomali umene anakhoma bambo ako suzulidwa ine ndili moyo," anayankha Amayi.

"Ndiye tiisiye."

"Ukaisiya undisiyenso ine. Adzatigumulire limodzi."

Dalaivala wa lole anayamba kuliza hutala. Anthu anadzaza pabwalo, aliyense ndi nzeru zake, wina akuti tichotse denga, wina akuti tiidule pakati. Mawu anachokera pansi pa mtengo, odekha.

"Nanga si nyumbayo akuigumula? Mukuopa chiyani khomalo? Gumulani, kabati ituluke yathunthu."

Kenako dalaivala anaomba m'manja.

"Amayi awo ndiye anena! Mlendo ndi amene amadza ndi kalumo kakuthwa."

"Si mlendo," anatero Achimwene, ndipo aka kanali koyamba kuwamva akukweza mawu pabwalo limenelo. "Ndi mkazi wanga."

Anatenga hamala yaikulu ya Bambo n'kuyamba kumenya khoma la chipinda, mbali yoyang'ana pabwalo. Sindikudziwa ngati ankamenya njerwa zokha. Ena anawathandiza, fumbi linati koboo, ndipo posakhalitsa panali chibowo choti ng'ombe n'kudutsa. Amuna anaigwira kabati, ena kumutu, ena kumiyendo, n'kuigoneka chammbali. M'kati munamveka phokoso, gwedegwede, ngati mwana akugwedeza chitini cha miyala.

"Simunachotsemo zinthu?" anafunsa dalaivala.

"Ndachotsa zonse ndi manja anga," anatero Amayi. "Mulibe ndi ulusi womwe."

Anaitulutsa pang'onopang'ono. Atafika pabwalo, wakumiyendo anapunthwa panjerwa, kabati inagunda pansi ndi ngodya, ndipo thabwa la kunsi, limene chiswe chinali chitalidya kale, linangoti phwaa!

Abale inu, kabati ija inasanza. Munatuluka masupuni, tochi, ndolo, mabatani, botolo la mafuta onunkhira, chipeso, sizasi itachita dzimbiri, wotchi ya Bambo ndi lamba wake. Pamwamba pa mulu wonsewo panagwa magalasi a Amayi, oyera bwino, opanda ndi fumbi lomwe. Ndipo kanthu kena kakang'ono kanagubuduka pabwalo, kanadutsa pakati pa miyendo ya anthu, n'kukagona pafupi ndi mtengo uja. Alamu anakayang'ana, kenako anabweza phazi lawo m'mbuyo.

"Wina abwere adzatole," anatero. "Ine sinditola."

Ndinatola magalasi aja, ndinawapukuta ndi diresi langa, n'kuwaveka Amayi pamphuno.

"Valani, Amayi, muone bwino."

Achimwene anagwada n'kusuzumira m'mimba mwa kabati. Analowetsa dzanja kuseri kwa dirowa ya pamwamba, n'kuyamba kuseka kuseka kosadziwika ngati n'kulira.

"Thabwa la kumbuyo kwa dirowa iyi ndi lalifupi. Laperewera ngati chikhato chonse. Mukadzaza nsalu n'kuika kanthu pamwamba, pokoka paja kamakodwa n'kugwera kuseri, mpaka pansi. Ndipo pansipo Bambo anatseka."

Amayi anagwira pakamwa.

"Matabwa anawathera," anatero motsitsa. "Anati adzamaliza akapeza lina."

Mmodzi wa anyamata a lole anatola kanthu m'mulu muja n'kukaponya pansi msanga akukuwa. Anali mano oikirira a malemu Bambo, akutisekerera padzuwa. Mano amenewa anasowa pa Khirisimasi ina Alamu atabwera kudzacheza, ndipo Bambo anatha chaka chonse akumeza nyama osatafuna.

"Amayi," ndinafunsa, "mano omwe munkabisa? Munkaopa kuti Alamu akawavala?"

Bwalo lonse linaphulika. Dalaivala anagwira tayala kuti asagwe. Ngakhale a Wailesi anaseka mpaka anakhala pansi. Koma ine ndinali ndisanamalize, chifukwa nkhani imeneyi inandiwawa nthawi yaitali.

"Tisaseke chabe. Umanena chatsitsa dzaye kuti njovu ithyoke mnyanga. Mphete ili pazenera sinasowe. Wotchi ili pamsomali sinasowe. Zinayamba kusowa tsiku limene munayamba kubisa, ndipo munayamba kubisa munthu asanakulakwireni kanthu. Munangoona nsapato zake zong'ambika basi."

Amayi anayenda pang'onopang'ono mpaka pamtengo paja. Anawerama movutika, mawondo akulira, n'kutola mphete ija. Anaipukuta, anaiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati chapansipansi, "Ndiye kuti inali kabati. Pepa, mwananga."

"Sindinamve, Amayi," anatero Alamu.

"Ndati pepa."

"Amayi, ine ndakulemekezani kuyambira tsiku limene ndinalowa pakhomo pano, ndipo sindisiya. Koma dzina lija simunandinong'oneze. Munalinenera pakhonde apo, anthu awa akumva. Mayi anga anachapa zovala za anthu mpaka zala kupindika, sanabwerepo ndi mpango wamwini. Anapita kumanda akudziwa kuti mwana wawo amatchedwa wakuba. Iwowo simungawapepesenso, madzi akatayika saoleka. Koma ana anga ali moyo, ndipo ali ndi makutu."

Misozi inali ikutsika, koma mawu awo sananjenjemere. Ine ndinalira poyera, osabisa. Achimwene anabwera n'kuima pambali pa akazi awo, fumbi la njerwa lili mutu wonse.

"Ine ndiyambe," anatero mokweza. "Anthu inu, mkazi wanga si wakuba, ndipo sanakhalepo wakuba. Ndinkadziwa, koma ndinkangokhala chete ngati chitsa. Amake mapasa, ndinakulakwira."

"Mwachedwa," anatero Alamu akupukuta m'maso, "koma mwafika."

Amayi anatembenuka. Ndinkaganiza kuti alowa m'nyumba kukabisala, chifukwa moyo wanga wonse ndinali ndisanawamvepo akuvomera kulakwa, ngakhale kwa Bambo. Koma anakwera pakhonde, anagwira mzati, n'kutulutsa mawu aja amene ankatiitanira tili ana, omveka mpaka kuchigayo.

"Tamverani nonse! Ine ndinanamizira mwana wa eni! Wakuba m'nyumba muno anali kabati, ndipo womuthandiza ndinali ine! Mwana uyu manja ake ndi oyera kuposa anga, chifukwa ine mbale za kutchalitchi zapezeka kwanga!" Anapuma pang'ono, kenako analoza kumpanda. "Inu a Wailesi, ija munaiulutsa bwino. Iyinso muiulutse, ndipo muyambire kumsika."

"Ndipita pompano," anatero a Wailesi, manyazi ali m'maso. Anayenda masitepe angapo, n'kubwerera kudzagwira Alamu dzanja ndi manja awiri. "Ndi ya ambulera yomwe ndikanena."

Amayi anatsika pakhonde. Anavula chingwe cha makiyi m'khosi, n'kundipatsa.

"Iwe wapakamwa, kwera palole utsegule maloko onse. Wamkuluyo umupatse dalaivala, azikhomera bokosi la zitsulo zake."

Anayesa kuvala mphete ija, koma chala chinali chitatupa ndi ukalamba, ndipo inakanira pamfundo. Anakankha, anapotoza, osatheka. Alamu anawayang'ana kwa kanthawi. Kenako manja aja, amene anakhala pamiyendo masabata onsewa, ananyamuka.

"Alamu, mukachotsa makiyi mundipatse chingwecho," anandiuza.

Analowetsa mphete pachingwe, anapita kumbuyo kwa Amayi, n'kuwaveka chingwecho m'khosi mosamala, akukonza ndi kolala ya bulauzi. Amayi anangoima phee ngati mwana amene akumuveka zopita kusukulu.

"Ikasowanso?" anafunsa Alamu, kumwetulira kukuyamba.

"Tikafunse kabati," anatero Amayi, ndipo onse awiri anaseka, wina akulira.

Zitatero Alamu anamanga nsalu m'chiuno n'kuyamba kulamula ngati kapitawo. Ntchito imene inatitengera masabata anaimaliza dzuwa lisanapendeke. Anatola za m'mulu zija chimodzichimodzi, anakulunga mano a Bambo m'kansalu koyera, anatuma anthu kukabweza poto wa Azakhali ndi mbale za kutchalitchi. Kabati inakwezedwa palole, ndipo Achimwene analumbira pamaso pa anthu kuti thabwa loperewera lija alikhoma asanagone. Chikwama chawo cha zovala chija Alamu anachinyamula okha n'kuchiika pakati pa katundu wopita kwawo.

Ponyamuka, ine ndi Achimwene tinakwera kumbuyo, Amayi ndi Alamu kutsogolo ndi dalaivala. Ndinkaganiza kuti Amayi alira poona nyumba yawo ili ndi chibowo m'nthiti. Anangoiyang'ana kamodzi, n'kunena kuti yatisunga mokwanira. Ndinkawaona bwino pakagalasi ka kumbuyo kwa dalaivala. Pamiyendo pa Amayi panali chikwama chawo chakuda cham'manja, chimene sachisiya ngakhale popita kubafa, chimene ngakhale ine mwana wawo sindinachigwirepo.

Lole itangolowa mumsewu, anachinyamula n'kuchiika pamiyendo pa Alamu.

"Tandigwirira, mwananga. Ine ndatopa."

Anatsamira paphewa pawo, ndipo anagona tulo njira yonse.